Mlandu si wa chigamba

Pali mawu ena amene tinawaipitsira mbiri popanda chifukwa, ndipo amodzi mwa iwo ndi akuti chigamba. Munthu akafuna kunyoza boma amati likuyendetsa dziko mwazigamba. Akafuna kunyoza msewu amati ndi zigamba zokhazokha. Akafuna kunyoza mnzake wosauka amangoyang'ana kumbuyo kwa thalauza lake n'kuseka. Tsopano chipongwe chija chafika pa njinga zamoto. Wakabaza akangogwa chifukwa tayala laphulika, akatswiri a pa Facebook ndi a m'magulu a WhatsApp amakhala agamula kale mlandu wovulalayo asanafike n'komwe kuchipatala: machubu azigamba amenewo, omata machubu m'misewumu angoletsedwa basi, munthu azigula chatsopano.

Ine ndikuti mlandu umenewu mwaugamula mopupuluma. Mwagwira munthu amene anabwera kudzazimitsa moto, pamene wotentha nyumba ali pambali panu akukuthandizani kukuwa. Ndiye lero mundilole ndimuimire pabwalo munthu womata machubu, uja amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi beseni la madzi akuda, pampu ndi kabokosi ka zitsulo. Ndilankhula za kuno kunyanja, ku Nkhotakota, chifukwa kuno chubu si nkhani yocheza nayo.

Amene mumangodutsa pa basi yopita ku Mzuzu mumayesa kuti Nkhotakota yonse ndi msewu wa M5. Msewu umenewu uli ngati munga wapamsana wa chambo: wachoka ku Salima, wadzera pa Benga, pa Chia, pa boma, wawoloka Bua, wafika pa Dwangwa mpaka ku Dwambazi. Koma wodya chambo amadziwa kuti mnofu uli m'mbali. Anthu ali m'tinjira totsikira kumadoko, momwe mchenga umameza phazi mpaka m'kakolo. Ali m'madambo a mpunga, momwe nthawi ya dzinja matope amakuvula nsapato. Ali m'minda ya chinangwa, m'mphepete mwa minda ya nzimbe, komanso kumtunda cha ku Mwansambo komwe kuli miyala ndi zitunda. Kumeneko minibasi sifika, ndipo ambulansi ikafika mumathokoza Mulungu. Chimene chimafika ndi njinga yamoto. Ndiyo imathamangitsa usipa wauwisi kumsewu dzuwa lisanauwononge. Ndiyo imanyamula mayi woyembekezera amene nthawi yamukwanira pakati pa usiku, mphunzitsi wokatenga malipiro pa boma, thumba la mpunga lopita kuchigayo, mwana amene malungo amugwira. Zonsezi zimakhala pamwamba pa mpweya wotsekeredwa m'kathumba ka labala kamene kuchindikala kwake sikupitirira mamilimita 2.

Kumaiko a anzathu, kuyendetsa njinga yamoto mumchenga ndi m'matope ndi masewera a anthu okhuta. Ali ndi njinga zopangidwira zimenezo, machubu ochindikala mamilimita 3 kapena 4, ndi kachitsulo kogwira tayala kuti lisaterereke pa limu. Ochita mpikisano wa Dakar anafika posiyiratu chubu n'kumaika chinkhupule cholimba m'tayala, chimene kampani ya Michelin inatulukira m'zaka za m'ma 1980, kuti nkhani ya kuphwa ithe. Kuno kwathu njinga zopangidwira njira zoipa, ma Yamaha DT, ma AG 200 ndi ma Honda XL, n'za alangizi ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Mnyamata wa kabaza ali pa Lifo, pa Sanlg, pa Boxer, njinga zimene wozipanga ankaganizira msewu wabwinoko ndi anthu awiri. Dakar wake ndi wa tsiku ndi tsiku kuyambira m'bandakucha, ndipo kumapeto kwake kulibe chikho, kuli tageti ya bwana.

Tsono tiyeni tione mmene chubu chimafera, pakuti oweruza ambiriwa sanatsegulepo tayala chibadwire.

Imfa yoyamba ndi yodziwika: msomali, munga wa mthethe, kawaya, chitsa chosongoka. Kabowo kamakhala kamodzi, kakang'ono, mpweya n'kumatuluka pang'onopang'ono. Ichi ndi chimfine chabe.

Yachiwiri ndi kulumidwa ndi limu. Mpweya ukachepa m'tayala, kapena katundu akachuluka, njinga ikagunda mwala kapena mlomo wa dzenje la pamsewu, tayala limaphwatalala mpaka chubu chimapanikizika pakati pa mwalawo ndi limu. Chimatuluka ndi mabala awiri oyandikana ngati chalumidwa ndi njoka. Womata wodziwa akangoona mabala awiriwo safunsanso, amadziwa kuti panali anthu atatu ndi thumba.

Yachitatu ndiyo ya kunyanja kuno kwenikweni: kuzuka kwa valavu. Aliyense woyenda mumchenga amadziwa kuti tayala lolimba gwa limakumba n'kutitimira, ndiye amaphwetsako mpweya kuti litambasuke. Nzeru imeneyo ndi yoona. Vuto n'lakuti mpweya ukachepa tayala siligwiranso limu mwamphamvu. Ukathira moto kapena ukagwira buleki mwadzidzidzi, tayala limaterereka pang'ono pa limu, ndipo limakoka chubu. Koma valavu ili m'bowo la limu, singasunthe. Lero yapendekeka, mawa yapendekekanso, tsiku lina yazuka ngati dzino, ndipo mpweya umatha nthawi imodzi, phwaa! Choipa china n'chakuti anyamata ambiri amamanga kanati ka pa valavu mpaka kukanikiza limu, eti akulimbitsa. Kanati kameneko kamangobisa chizindikiro: kunja valavu ikuoneka yowongoka pamene m'kati ikung'ambika. Akanakasiya kumtunda, pafupi ndi kachivindikiro, valavu ikanapendekeka n'kuwachenjeza nthawi ikadalipo. Ndiye mnyamata uja akachoka kudoko n'kukwera pa phula osapopanso, tayala lofewalo limatentha chifukwa chopindikapindika, n'kumangodikira dzenje loyamba.

Yachinayi imachokera m'kati. Mchenga ukalowa pakati pa tayala ndi chubu umapala labala ngati sandipepa. Chinyontho cha kunyanja ndi madzi a m'madambo zimadyetsa limu dzimbiri. Kalamba kamene kamaphimba mitu ya masipoko kakatha, sipoko imaboola chubu kuchokera kumsana. Onjezanipo chubu cha muyezo wolakwika: wina waika cha 18 m'tayala la 17 chifukwa ndi chokhacho chinalipo m'shopu, chakwinyika m'katimo, ndipo pokwinyika pajapo ndi pamene chidzang'ambikire.

Werengani bwino imfa zinayizi. Chigamba chili pati? Palibe ngakhale imodzi imene wayambitsa ndi womata. Iye ndi sing'anga chabe, amalandira odwala amene avulazidwa kwina.

Ndipo kumata si kupaka guluu ngati mmene mwana amamatira envulopu. Tsiku lina khalani pansi muonerere munthu wodziwa ntchito. Amapopa chubu n'kumachimiza m'beseni chigawochigawo mpaka thovu litaonetsa bala, ndipo sasiyira pomwepo, amazungulira chubu chonse chifukwa mabala ena amabwera awiriawiri. Kenako amalowetsa zala m'tayala n'kumasisita m'kati mofatsa, kufuna munga umene wapalamula. Wosachita zimenezi amabwezera chubu kwa mdani yemweyo. Amapala malo a bala mpaka labala atasiya kunyezimira, ndipo amapala malo aakulu kuposa chigamba. Amapaka sulushoni pang'ono chabe, mopyapyala, akatero amachita chinthu chimene chimapsetsa mtima wakabaza aliyense: amadikira. Sulushoni ayenera kuuma kaye. Chigamba choikidwa pa sulushoni wonyowa ndi chija chimadzamatuka pa Liwaladzi munthu ali ndi wokwera kumbuyo. Akachiika amachikanikiza kuyambira pakati kupita m'mbali kuti mpweya usatsalire pansi pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chubu chikang'ambika, osati kungobooka, pamafunika luso lina. Labala amang'ambika ngati chitenje: ukasiya nsonga, kung'ambikako kumapitirira. Ndiye wodziwa amatenga sizasi n'kuzunguliza mapeto onse awiri a pong'ambikapo kuti pasakhale poyambira, kenako amaika chigamba chopitirira ndithu mbali zonse. Ena amamata ndi moto. Amaika labala wosaphika pa balalo, n'kupanikiza ndi chitsulo, pamwamba pake pisitoni yakale ya injini yoyatsamo kamoto, n'kudikira mpaka zipse bwino, zizizire. Ngakhale pobwezera chubu m'tayala pali mwambo wake. Amayamba wachipopa pang'ono kuti chisakwinyike, amaonetsetsa kuti valavu yaima njo, ndipo salowetsa chitsulo mwachisawawa. Machubu ambiri atsopano amafera pomwepa, m'manja mwa eni ake, atatsinidwa ndi sikuludiraiva asanayende n'komwe.

Zimene zimachitika pansi pa pisitoni ija zili ndi mbiri. Labala wongochoka mumtengo amanata kukatentha, amauma gwa kukazizira. Charles Goodyear wa ku America ndiye anapeza kuti ukamuphika pamodzi ndi sulufule amakhwima n'kukhala wotanuka nyengo zonse, ndipo analandira chikalata cha umwini wa nzeruyo mu 1844. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Scotland amene ankakhala ku Belfast, analembetsa tayala lopopa limene anapangira kanjinga ka mwana wake. Munthu wa pansi pa mango uja akamayatsa kamoto kake akuchita zomwe anachita Goodyear: akuphika labala watsopano kuti alumikizane ndi wakale akhale thupi limodzi. Sulushoni wa m'kachitini naye amagwira ntchito yofanana, kungoti popanda moto. Chigamba chomatidwa bwino sichikhala mlendo pa chubu, ndipo kawirikawiri chubu chimadzafera pena chigamba chili chigwirire. Mzungu akachita zimenezi timamulemba m'mabuku a sayansi. Akachita wa pa Dwangwa timati ndi umphawi.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti chubu chilichonse n'chomata. Apa otsutsa anga ali ndi kachoonadi, ndipo sindikabisa. Valavu ikazuka, chubucho chatha. Chikang'ambika motalika, kapena motsata msoko, chatha. Labala akayamba kuonetsa timing'alu ukamukoka, wakalamba, chatha. Chigamba pamwamba pa chigamba chinzake, ayi. Ndipo tayala lakutsogolo si loyeserapo mwayi, chifukwa lakumbuyo likaphwa njinga imavina koma ungathe kuima, pamene lakutsogolo likaphwa mwadzidzidzi mahandulo amakuthawa m'manja. Palinso kachitidwe kaja kotsina pobooka n'kumangapo ndi mphira ngati ukumanga kathumba ka mtedza. Pa njinga yakapalasa, uli m'tchire, kuti ukafike kumudzi, tingakumvetse. Pa njinga yamoto yonyamula mayi ndi khanda, kumeneko n'kupha.

Koma amene amadziwa malire amenewa ndani? Ndi womata yemweyo. Ndinamvapo mkangano pa kamsika kena pakati pa boma ndi Dwangwa. Mnyamata anafika akukankha njinga, thukuta lili kamukamu, natulutsa chubu.

"Ankolo, tangomatani msangamsanga, kasitomala akundidikira kudoko."

Mkulu uja anachitembenuza kamodzi n'kuchibweza. "Mphwanga, ichi chang'ambika pakhosi pa valavu. Sindimata."

"Aaa, ankolo, ndikuwonjezerani kangachepe. Chingondifikitsa lero lokha basi."

"Ndalama yakoyo ndikuifuna, kwathu sanaike poto pamoto. Koma ukakagwa ndi mwana wa eni, anthu adzafunsa kuti anamata ndani. Pita ukagule china, ubwere ndikuikire bwinobwino."

Mnyamatayo anachoka akung'ung'udza. Munthu ameneyu, wokana ndalama ili m'manja tsiku la njala, ndiye mukuti aletsedwe? Njira yonse ya kudoko kulibe wapolisi wapamsewu, kulibe woyeza njinga, kulibe wina aliyense amene amaona m'kati mwa tayala kupatula iyeyu. Alipo omata achinyengo, inde, omata chilichonse bola alandire. Amenewo tiwadzudzule, ndipo ayambe ndi anzawo a ntchito. Koma sititseka zipatala chifukwa choti kwapezeka madokotala abodza.

Ngakhale pa misewu paja timanyozapa, tikamati zigamba timalakwitsa dzina. Chimene timadana nacho ndi chiphamaso: kuthira dothi m'dzenje Lolemba, mvula n'kulikokolola Lachitatu. Dzenje la pamsewu limafuna zomwe limafuna bala la pa chubu. Uyeretse, udule m'mbali mowola, malo akhale ouma, uike zinthu zoyenera, utsendere. Makontirakitala ena akanakhala sabata imodzi pansi pa mango kuonerera womata machubu, bwenzi misewu yathu ikupitirira dzinja limodzi.

Tsopano ndibwere kwa inu a azingogula chatsopano. Mawu amenewa amakoma m'kamwa mwa munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi. Machubu a m'mashopu mwathu ndi ochokera kunja, ambiri ku China ndi ku India, ndipo amagulidwa ndi madola amene dziko lino likusowa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, inachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse cholowa pa chipata cha dziko chinakwera mtengo. Mnyamata wa kabaza nthawi zambiri njinga si yake. Madzulo apereke tageti kwa mwini wake, agule petulo, amene masiku ena amapezeka wa m'zigubu yekha pa mtengo wosula, ndiye zotsalazo adye ndi banja. Munthu woyenda m'njira za minga kubooledwa ndi gawo la ntchito. Mukuti nthawi iliyonse azitaya chubu chathunthu chifukwa cha kabowo konga diso la singano? Inuyo malaya akaduka batani mumataya?

Komanso ndani anakuuzani kuti chatsopano ndiye chabwino? Labala wa machubu ali mitundu iwiri. Wina ndi wa mumtengo: amataya mpweya pang'onopang'ono moti umafunika kupopa pafupipafupi, koma amatanuka, sang'ambika msanga, ndipo amalandira chigamba bwino. Wina ndi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, wotchedwa butyl, amene anatulukiridwa ku America mu 1937: amasunga mpweya nthawi yaitali, koma akalumidwa ndi limu sachedwa kung'ambika. Onse awiri akapangidwa moona mtima ndi abwino. Koma funsani womata aliyense za machubu ena otchipa amene adzaza m'misikamu. Opyapyala ngati khoko la anyezi, mbali ina yochindikala ina yoonda, ukapala kuti umate labala amangonyenyeka, valavu yongonamatidwa. Chubu chotere chingathe kuphulika sabata yomwe wagula. Ine chubu chakale chabwino cha zigamba zitatu zomatidwa mwaluso ndingachikwere mtima uli m'malo, kusiyana ndi chatsopano chotere chonunkhira m'bokosi. Tili ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lakhalapo kuyambira 1972, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kuona ubwino wa katundu wolowa m'dziko. Ngati tikufuna woti ayankhe mafunso a machubu ophulika, tiyambire kumeneko ndi kwa amalonda oitanitsa katunduyo, tisanafike pansi pa mango.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti labala timalima tokha. Mukapitirira Dwambazi pa msewu womwewu wa M5, kulowa m'boma la Nkhata Bay, mumadutsa pakati pa mitengo ya labala ya esiteti ya Vizara, mitengo yochekedwa makungwa, tizikho tikulandira utomoni woyera. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa mipira yokulungidwa ndi labala. Labala wambiri wa kumeneko amapita kunja. Ife amene tili naye pakhomo timadikira chigamba chobwera pa sitima ya pamadzi, chili m'kapaketi, pa mtengo wa dola. Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa kugula katundu wa m'dziko muno, ndipo masomphenya a Malawi 2063 akuti tidzakhale dziko la mafakitale. Chabwino. Ine sindikupempha fakitale ya ndege. Ndikufunsa za chigamba, kachidutswa ka labala kochepa kuposa chikhatho cha mwana. Ngati chimenechi chatikanika, za mafakitalezo tizingowombera m'manja pamisonkhano.

Zoti ngozi za kabaza zachuluka palibe akukana. Madokotala a mafupa ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth akhala akudandaula za anthu othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu chifukwa cha njinga zamoto, ndipo ambiri a ife tili ndi maliro amene tinapitako. Koma pofuna wopalamula tisasankhe amene alibe pakamwa. Pali mwini njinga amene amafuna tageti yathunthu ngakhale tayala litatha mpaka kuoneka ulusi. Tayala lotere ngakhale muikemo chubu cha golide, munga uliwonse ulowa. Pali mnyamata amene waphunzira kuyendetsa Lachiwiri, pofika Lachinayi wayamba kunyamula anthu, laisensi alibe, chipewa alibe. Palinso ife okwera. Inde, ifeyo. Ndife timati tikwera atatu, mwanayu ndimuika pamiyendo, thumbali mumange kumbuyo, chifukwa sitifuna kulipira maulendo awiri, kenako tayamba kumukalipira kuti athamange basi ingatisiye. Chubu chikalumidwa ndi limu, mano ake ndife. Ndiye pali msewu. Pa lita iliyonse ya petulo imene wakabaza amagula pamalo omwetsera mafuta pali kandalama ka msonkho wokonzera misewu, kamene kamayenera kupita ku Roads Fund Administration. Pa lita amalipira chimodzimodzi ndi wa Prado, koma njira zimene iye amayendamo zina zimatha zaka osaona giledala. Madzi osefukira atawononga misewu m'dera la Dwangwa kumapeto kwa February 2024, kafunseni a kumeneko kuti chinkadutsa m'malo okumbikawo ndi chiyani, ndipo ankachitsitsimutsa chikaphwa ndani.

Chubu chikafa ndithu, kuno sichiikidwa m'manda. Chimadulidwa n'kukhala mphira zomangira madengu a usipa ndi mitolo ya nkhuni pa kaliyala. Chimakhala legeni yothamangitsira mbalame m'munda wa mpunga, chomangira paipi yodontha, kalamba katsopano kophimba masipoko pa limu ina. Anzathu ophunzira amapita ku Lilongwe kumisonkhano ya m'mahotela kukamva za kusataya zinthu ndi kusamala chilengedwe, n'kubwerako ndi alawansi. Womata machubu wakhala akuchita zimenezo chiyambire, osadziwa n'komwe kuti zili ndi dzina lachingerezi.

Ndiye m'malo moletsa, tiyeni tikambe zotheka. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, litsike pansi pa mango. Liwayese akuluakuluwa, odziwa liwapatse pepala, ndipo iwo aphunzitse achinyamata osati kumata kokha komanso nthawi yokana. Khonsolo, imene sichedwa kufika potolera msonkho wa pamsika, iwapatse kamthunzi ka malata, chifukwa sulushoni sagwirizana ndi mvula kapena fumbi. Makomiti a akabaza asonkhe agule pampu imodzi ndi kachipangizo koyezera mpweya pa siteji iliyonse, makamaka pamene njira ya mchenga ikukumana ndi phula, ndipo lamulo likhale losavuta: waphwetsa potsika, popa pokwera. Eni njinga, tageti ya tsiku limodzi pa mwezi ipite ku tayala, mudzaipeza pa ndalama imene simudzalipira kuchipatala kapena kupolisi. Inu omata, musalole mnyamata wothamanga akuyendetsereni manja. Dzina lanu lili pa chigamba chilichonse ngakhale simulembapo. Ndipo ife okwera, tisanakwere tiziyang'anako pansi. Tayala likaoneka lofewa, valavu ikapendekeka, tinene. Wachitatu akabwera, tikane. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ambiri a ife amene lero tikulemba ndi kuwerenga pa intaneti tinapita kusukulu ndi kabudula wa zigamba ziwiri kumbuyo, zosokedwa ndi amayi usiku pa koloboyi. Zigamba zimenezo zinatifikitsa pa mayeso a Sitandade 8, ndipo sindinamvepo wina akunena kuti amayi ake akanaletsedwa kusoka. Taphunzira, tavala zatsopano, tayamba kuyang'ana pansi ntchito yomwe inatiimika. Amene mukufunabe kuti omata machubu achotsedwe m'misewu, bwerani kuno chilimwe chikubwerachi. Mutsikire pa Chia, mukwere kabaza kupita kudoko. Tayala likakaphwa pakati pa mchenga, dzuwa lili paliwombo, shopu ili kutali, tidzaone ngati mudzaitane Facebook.